TIMINOFU TOMERA M'MPHUNO

Musanapitirire kuwerenga nkhani ino, ndikupemphani kuti muyese kanthu kena kapafupi. Tsinani mphuno yanu ndi zala ziwiri, ndipo munene mokweza mau awa: "Amai anamwa madzi m'mamawa." Mwamva m'mene mauwo atulukira? "M" ali yense wamveka ngati "b", ndipo "n" wamveka ngati "d". Cifukwa cace n'cakuti pochula zirembo ziwirizi mpweya umatulukira m'mphuno, ndipo njira ikatsekeka mau amasanduka.

Ife a nchito ya pa wailesi makutu athu anazolowera mau otere. Mphunzitsi akabwera kudzajambula phunziro ali ndi cimfine timadziwa asanatsirize ndi moni womwe, ndipo timampempha kuti akapumule, adzabwerenso sabata yamawa. Kawiri-kawiri sabata ikatha mau amabwerera m'malo. Koma alipo anthu ena amene mau ao sabwerera. Mwezi umatha, mvula imagwa ndi kukata, caka cimapita, iwo ali cipumire pakamwa, kansaru ka mamina kali m'manja. Anzao amangoti, "Aja a cimfine cosatha aja." Cimfine ceni-ceni sicitenga caka. Cimabwera ndi kacirombo, ndipo pakapita masiku 7 kapena 10 cimatha. Mphuno ikatsekeka kopitirira masabata 12, madokotala amayamba kufuna cifukwa cina, ndipo cimodzi mwa zifukwa zimene amapeza ndi timinofu tomera m'kati mwa mphuno, timene iwo amaticha polyp.

Tiyambe taona mamangidwe a nyumba m'mene timinofuti timamera. Mphuno imene tiiona pankhope iri ngati khonde cabe. Nyumba yeni-yeni iri m'kati, ndipo imalowa cam'mbuyo kufikira kukhosi, utali wonga wa cala ca mkomba-phala. Cipupa copyapyala cimaigawa pakati kuti pakhale njira ziwiri. M'mbali mwa njira iri yonse muli timafupa titatu topindika, tokutidwa ndi mnofu wofiira, timene timafunditsa mpweya, kuunyowetsa ndi kuusefa usanafike ku mapapo. Ndiponso m'mafupa a nkhope muli mphako zodzala ndi mpweya, zimene dzina lace la kucipatala ndi sinus: m'masaya, pamphumi, pakati pa maso, ndi kuseri kwa mphuno pansi pa ubongo. Za pakati pa maso si mphako imodzi ai, koma tizipinda tambiri-mbiri tonga ta m'cisa ca njuci. Mphako iri yonse iri ndi kakhomo kakang'ono kotulukira m'mphuno.

Nyumba yonseyi inayalidwa ndi kakhungu kofewa, konyowa, kamene kamapanga mamina pafupi-fupi lita imodzi tsiku liri lonse. Musadabwe kuti simuwaona. Pa kakhunguko pali tiubweya tosaoneka ndi maso timene timasesa mamina, pamodzi ndi fumbi lomatirira pamenepo, kupita nazo kukhosi, ndipo timameza osadziwa.

Tsono kakhungu kameneka kakakhala kotupa kwa miyezi ndi zaka, kamamwa madzi, kamalemera, ndipo potsiriza kamalendewera kutuluka pa tizitseko ta mphako zija, maka-maka za pakati pa maso. Kolendewerako ndiko kamnofu kamene tikunena. Dokotala akaunika amaona kanthu kotuwa, konyezimira, konga mphesa yosendedwa khungu. Akakagunda ndi kacitsulo kamagwedezeka, koma mwini mphuno samva kuwawa. Kawiri-kawiri sikakhala kokha. Timamera tambiri ngati phava, ndipo mbali zonse ziwiri. Timinofu totere si khansa, sitisanduka khansa, ndipo munthu sangapatsire mnzace.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndifuna kuti mupagwiritse. Kamnofu si mlendo wocokera kunja amene tingampitikitse kamodzi n'kuiwala za iye. Kali ngati bowa wa pa culu. Mungazule bowa yense lero m'mawa, koma ngati culu cikali conyowa, mkuja mudzapezanso wina. Nthenda yeni-yeni ndi kutupa kwa kakhungu kaja; timinofu ndi zipatso zace cabe. Mwa odwala ambiri, asilikali a m'magazi a mtundu wina, ochedwa eosinophil, amaunjikana m'kakhunguko ndi kumenya nkhondo popanda mdani woyenera nkhondo yotere, ndipo nkhondo yosathayo ndiyo imasunga kutupa. Fumbi la mwezi wa Seputembala, utsi wa lupsa, utsi wa nkhuni m'khichini lopanda mazenera, fodya wokoka ndi fodya wa m'mphuno, zonsezi zimaputa mphuno yodwala kale, ngakhale kuti pa zokha sizimeretsa timinofu mwa munthu ali yense.

Kumaiko kumene anawerenga bwino odwala, anapeza kuti mwa akulu 100 ali onse, pakati pa mmodzi ndi anai ali nato timinofuti. Timapezeka kwambiri mwa amuna kuposa akazi, ndipo timakonda kuoneka munthu atafika zaka za m'ma 40.

Zizindikiro zimabwera mwakacetecete, mwakuti wodwala sangathe kuchula tsiku limene zinayamba. Mphuno imatsekeka usana ndi usiku, ndipo kumina sikuthandiza. Mamina ena amatsikira kukhosi. Nkhope imalemera, maka-maka powerama. Usiku munthu amaliza mkonono, m'mawa amadzuka kukhosi kuli gwa, thupi lotopa ngati sanagone. Koma cimene odwala amadandaula naco koposa, ndipo cimene anzao amacicepetsa, ndi kutha kwa fungo.

Minyewa yomvera fungo iri padenga peni-peni pa mphuno, pa kamalo kakang'ono pakati pa maso. Timinofu timamera pafupi pomwepo, motero mpweya wonyamula fungo sufikako. Ndipo fungo likapita, kukoma kwa cakudya kumatsagana nalo. Lirime limadziwa zocepa: kutsekemera, mcere, kuwawasa, kuwawa, ndi kukoma kwa msuzi wa nyama. Zina zonse zimene timati kukoma, kusiyana kwa gwafa ndi papaya, kwa nkhuku ya kumudzi ndi nsomba youma, ndi nchito ya mphuno. Yesaninso: tsinani mphuno, tsinzinani, mnzanu akudyetseni kacidutswa ka mbatata yaiwisi ndi ka apulo, muone ngati mudzasiyanitsa msanga. Ambiri a ife tinalawako bvuto limeneli pa mliri wa COVID-19 umene unafika kuno mu 2020, pamene fungo linali kutha mwadzidzidzi ndi kubwerera patapita masabata. Ganizirani tsono munthu wokhala motero zaka zisanu. Mai sadziwa kuti ndiwo zapserera pamoto kufikira ana atamuuza. Samva kuti nyama ya dzulo yasasa, kapena kuti khanda ladziipitsira. Bambo wogona samva utsi pamene tsindwi lagwira moto. Ena amaleka kukonda cakudya, amaonda, ndipo amakhala acisoni osadziwa cowacititsa cisoni. Ine sindiyesa cimeneci kanthu kakang'ono.

Pali ubale waukulu pakati pa timinofuti ndi cifuwa ca mphumu. Mphuno ndi mapapo ndi njira imodzi, yoyalidwa ndi kakhungu kofanana, ndipo ambiri a timinofu ali ndi mphumu. Mwa iwowa muli kagulu kena kofunika kucenjezedwa mwapadera. Mu 1922 dokotala wa ku Paris, Fernand Widal, pamodzi ndi anzace, analemba za wodwala amene anali ndi zinthu zitatu pamodzi: timinofu, mphumu, ndi kubanika akamwa asipirini. Mu 1968 Max Samter ndi Ray Beers a ku Chicago anafotokoza nthendayi mwatsatane-tsatane, ndipo kufikira lero ambiri amaichula ndi dzina la Samter. Munthu wotere akamwa asipirini, ibuprofen kapena diclofenac, pasanapite maola atatu mphuno imacuca, nkhope imafiira, cifuwa cimathina, ndipo nthawi zina moyo umakhala pa ngozi. Mapiritsi ambiri a mutu ndi a cimfine ogulitsidwa pa tuntemba ali ndi asipirini m'kati ngakhale dzina la pa cikuto liri lina. Ngati zotere zinakucitikiranipo, muziwerenga tizirembo ta pa paketi, ndipo muziuza namwino ali yense asanakulembereni mankhwala. Ambiri a gulu limeneli paracetamol wa muyeso wamba sawabvuta.

Tsopano ndichule zinthu zimene zimafanana ndi timinofu koma si timinofu, pakuti apa ndi pamene anthu amabvulala. Munthu amatenga kalirole ndi toci, amaona nyama yofiira m'mbali mwa mphuno, ndipo amathamangira kwa wina wa m'mudzi kuti aidule kapena aitenthe ndi mankhwala. Kawiri-kawiri nyamayo ndi kamodzi ka timafupa topindika tija, kamene munthu ali yense anabadwa nako. Ndi kofiira, kamawawa kakakhudzidwa, ndipo kakatemedwa kamataya magazi ambiri. Musalole lumo, waya, nthenga kapena mankhwala otentha kulowa m'mphuno mwanu. Denga la mphuno ndi kafupa kopyapyala kolekanitsa mphuno ndi ubongo, ndipo cipupa ca pakati pa mphako ndi diso n'copyapyala ngati pepala.

Cotupa ca mbali imodzi yokha ndi nkhani ina. Ciripo cina cosaopsa cimene cimamera m'mphako ya tsaya ndi kulendewera cakukhosi, cimene Gustav Killian wa ku Germany anacifotokoza mu 1906, ndipo cimakonda ana ndi acinyamata. Koma khansa ya m'mphuno nayonso imayamba mbali imodzi, ndipo maso okha sangathe kusiyanitsa. Cotero ngati mbali imodzi yokha ndiyo yatsekeka, ngati mukutuluka magazi kapena mafinya onunkha, ngati tsaya lacita dzanzi, mano a m'mwamba agwedera, diso latupa kapena liona zinthu ziwiri-ziwiri, kapena m'khosi mwatuluka mwanabere wolimba, musayembekeze kutha kwa mwezi. Madokotala amadula kacidutswa ndi kukapima, ndipo yankho limacokera kumeneko.

Kwa inu aphunzitsi ndi makolo ndiri ndi mau apadera. Timinofu ta mtundu umene tafotokoza sitipezeka kawiri-kawiri mwa mwana wosafika zaka 10. Tikapezeka, madokotala amafufuza nthenda ina yobadwa nayo yochedwa cystic fibrosis, imene iri yofala kwambiri mwa anthu a ku Ulaya. Mwana wa Giredi 1 wokhala kukamwa kuli yasa, woliza mkonono, wosamva bwino m'kalasi, nthawi zambiri bvuto lace ndi minofu ina ya kuseri kwa mphuno yonga matonsilo, imene imakula paubwana ndi kufota akamasinkhuka. Mwana wotuluka mamina onunkha mbali imodzi, ganizirani coyamba za njere ya cimanga, nyemba kapena kamwala kamene anadzilowetsa posewera ndipo aopa kuulula. Kakakhala kabatire kobulungira ka m'wochi, pitani naye kucipatala ola lomwelo, pakuti kamatentha mnofu ndi kuboola cipupa ca mphuno m'maola owerengeka. Ndipo mnyamata wotha msinkhu amene mphuno imodzi yatsekeka ndipo amatuluka kamfuno kawiri-kawiri angakhale ndi cotupa codzala ndi mitsempha ya magazi, cimene sicifunika kukhudzidwa ndi munthu wina koma katswiri yekha.

Nanga kaciritsidwe kace n'kotani? Nthendayi ndi yakale. Dzina lakuti polyp linacokera ku Cigriki, ndipo tanthauzo lace ndi "ca miyendo yambiri". Ndilo dzina limene Agriki anali kuchulira nyama ya m'nyanja ya mcere ya miyendo 8. M'mabuku ochedwa ndi dzina la Hippocrates, sing'anga wa pa cisumbu ca Kos amene anabadwa ca m'ma 460 Yesu asanabadwe, muli njira iyi: anali kumanga cinkhupule ku zingwe, kupisa zingwezo m'mphuno kufikira zitatulukira m'kamwa, ndi kukoka mwamphamvu kuti cinkhupule cidutse m'mphuno cikukokolola timinofu. Mankhwala ogonetsa kunalibe. M'zaka za pambuyo pace madokotala anali kugwiritsa nchito khwekhwe la waya, kukola kamnofu ndi kukadula. Wodwala anali kupuma bwino miyezi ingapo, kenaka n'kubweranso. Anali kuzula bowa, culu n'kucisiya conyowa.

Masiku ano dokotala amayamba ndi culu. Amaunika m'mphuno ndi nyali, ndipo ku zipatala zazikulu, monga University Teaching Hospital mu Lusaka, kumene kuli akatswiri a makutu, mphuno ndi khosi, amalowetsa kacubu kopyapyala kokhala ndi galasi ndi nyali kunsonga. Akatswiriwa ndi ocepa m'dziko muno, motero njira yofikira kwa iwo imayambira pa kiliniki ya kwanu, ndi kalata yotumizira.

Mankhwala oyamba ndi ophwetsa kutupa, a mtundu wa steroid, opopera kapena odonthezera m'mphuno, monga beclometasone, fluticasone ndi mometasone. Ambiri amalephera nao pa zifukwa ziwiri. Coyamba n'cakuti amafuna kucira msanga. Mankhwalawa satsegula mphuno tsiku lomwelo. Pamapita masabata awiri, anai, ngakhale kuposa, ndipo wodwala amataya botolo tsiku lacitatu nati n'ngopanda mphamvu. Caciwiri ndi kapoperedwe. Minani coyamba. Weramitsani mutu pang'ono, gwirani botolo ndi dzanja lamanja popopera mphuno ya kumanzere, ndi lamanzere popopera ya kumanja, kuti nsonga iloze cakukhutu, osati ku cipupa ca pakati, cimene cimacita zironda ndi kutuluka magazi. Musakoke mpweya mwamphamvu; mukamva kuwawa kwa mankhwala kukhosi, ndiye kuti apitirira malo ace. Amene mukumwa ma ARV muuze dokotala dzina lace, pakuti okhala ndi ritonavir amacititsa kuti fluticasone aunjikane m'thupi, ndipo dokotala adzakusankhirani wina.

Mnzace wa mankhwalawa ndi madzi a mcere, amene mtengo wace ndi wa nkhuni zowiritsira basi. Wiritsani theka la lita la madzi, alekeni azizire mpaka akhale ofunda ngati thupi, ndipo sungunulanimo sipuni yaing'ono imodzi ya mcere, yosacita mulu, ndi ina ya soda wa m'sitolo amene amai amaphikira therere. Ndati wa m'sitolo. Cidulo ca phulusa cisayandikire mphuno. Weramirani pa beseni, thirani madziwo m'mphuno imodzi ndi botolo lofinya laukhondo, mukupuma pakamwa, kuti atulukire inayo. Citani zimenezi musanapopere mankhwala, kuti akagwere pa kakhungu koyera. Madzi osawiritsa a pa citsime kapena a mumtsinje angalowetse tizirombo m'malo oyandikana ndi ubongo.

Cenjerani ndi timabotolo tina ta m'mafamase, monga xylometazoline ndi oxymetazoline, timene timatsegula mphuno pa mphindi zocepa. Sitikhudza timinofu, ndipo tikagwiritsidwa nchito kopitirira sabata imodzi mphuno imatizolowera, n'kumatsekeka koposa kale mphamvu yace ikangotha.

Timinofu tikakhala tatikulu kwambiri, dokotala angapereke mapiritsi a prednisolone kwa sabata imodzi kapena awiri. Amagwira nchito modabwitsa: timinofu timafota, ndipo munthu amene sanamve fungo zaka zitatu amadzuka m'mawa wina n'kumva fungo la sopo. Kukoma kwaceko ndiko msampha wace. Wodwala amayamba kukagula yekha, mwezi ndi mwezi, ndipo mankhwalawa akamwedwa nthawi yaitali amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amafewetsa mafupa, amacititsa ng'ala m'maso, ndipo amafooketsa citetezo ca thupi mwakuti cifuwa cacikulu ca TB cimene cinali cigonere cingadzuke. M'dziko lathu lino, m'mene TB iri pakati pathu, limeneli si cenjezo lopanda pace.

Mankhwala akalephera pamabwera opareshoni. M'zaka za m'ma 1970 Walter Messerklinger wa ku Graz, m'dziko la Austria, anapenyetsetsa ndi kacubu ka galasi kaja m'mene mamina amayendera kutuluka m'mphako, ndipo anaona kuti tizitseko tikatsegulidwa kakhungu kamatha kudzikonza. Wophunzira wace Heinz Stammberger, ndi David Kennedy wa ku Baltimore ku America, anafalitsa njira imeneyi ca m'ma 1985. Wodwala amajambulidwa coyamba ndi makina a CT kuti dokotala aone mapu a mphako zace. Kenaka amagonetsedwa, ndipo nchito yonse imacitikira m'mabowo a mphuno, popanda kung'amba nkhope. Dokotala amacotsa timinofu ndi kugumula tizipupa ta cisa ca njuci cija kuti pakhale cipinda cimodzi cotseguka. Ambiri amatuluka m'cipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace, ndipo amauzidwa kuti asamine mwamphamvu kapena kunyamula zolemera kwa sabata imodzi kapena awiri. Ngozi zazikulu, za diso kapena za ubongo, zimacitika mwa apo ndi apo, koma ziripo, ndipo muli ndi ufulu wofunsa za izo musanasaine pepala.

Ambiri amaganiza kuti akatuluka m'cipinda ca opareshoni nkhani yatha. Kufufuza kwina kumene kunafalitsidwa ku America mu 2017 kunapeza kuti mwa odwala 100 ali onse ocitidwa opareshoni, pafupi-fupi 40 timinofu tinali titayambanso kuoneka patapita miyezi 18. Kumabwerera msanga mwa amene ali ndi mphumu ndi amene asipirini amawabvuta. Phindu lalikulu la opareshoni n'lakuti imatsegula njira kuti madzi a mcere ndi mankhwala opopera afike ku mphako kumene kale sanali kufika. Amene aleka kupopera cifukwa akupuma bwino ndiwo kawiri-kawiri amabwerera pa mzere wa odikira opareshoni yaciwiri.

Kwa amene timinofu timabwerera-bwerera kwapezeka mankhwala atsopano a jekeseni amene amatontholetsa nkhondo ya asilikali a m'magazi ija pa gwero pace. Ku America dupilumab analoledwa pa nthendayi mu 2019, omalizumab mu 2020, ndi mepolizumab mu 2021. Amafotetsa timinofu, amabweza fungo mwa ambiri, ndipo amathandizanso mphumu. Koma mtengo wace ndi waukulu kwambiri, wosafikirika kwa anthu wamba ngakhale m'maiko olemera popanda thandizo la boma kapena la inshuwalansi, ndipo akalekedwa kutupa kumayambanso.

Tsono ngati munacitidwa opareshoni, kapena muli pa mankhwala, sungani masiku a kucipatala ngakhale mukumva bwino, pakuti dokotala ndi kacubu kace amaona kamnofu kakali kakang'ono ngati njere ya mapira, pamene mankhwala okha angathe kukafotetsa. Kunyumba muli nako kopimira kanu-kanu. Sankhani cinthu cimodzi ca fungo lodziwika, khungu la lalanje kapena sopo wosambira, ndipo muzicinunkhiza kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo-lomwelo. Mwa odwala ambiri fungo ndilo limayamba kuzirala mphuno isanatsekeke. Mukaona kuti lalanje lazirala masabata awiri kapena atatu otsatizana, popanda cimfine, tengani khadi lanu mubwerere ku kiliniki.